Nkhope ya ku Biwi

Nangondo saotcha dothi lake.
Amalikumba pachulu, nalikanda ndi chidendene
kuseri kwa galaja
komwe anyamata amawotcherera mageti.

Anaionera pafoni yosweka galasi,
nkhope yoyera mbee ya zisudzo zakale za ku Japani,
woivala akuyenda mokhwekhwereza mapazi
ngati wasenza mtsuko wodzaza.
Ikawerama, ikulira.
Ikadzutsa chibwano, ikumwetulira.
Nkhope imodzi yomweyo.

Yakeyi waipatsa masaya a mng'ono wake,
uja tinakamusiya ku Kawale m'mwezi wa Juni.
Waipaka laimu wotsala pachiliza,
waizika pampini wa khasu,
panja, poti mbalame ziidziwe.

Bwana wina wa ku Eriya Teni anaimitsa galimoto
nafunsa mtengo.
Iye anati, mubwere mvula ikatha.

Mvula inayambira mphuno.
Lachitatu chikope chinatsetsereka pansi.
Mlomo wokha unakanirira sabata yonse,
osadziwika ngati ukuseka.

Lero patsala mpini wokha, ndi thope loyera
pomwe pamera bonongwe.
Nangondo wadutsapo m'mawa ndi ndowa,
osacheuka,
akulowera kuchulu.