Kamuvi Koyenda Kokha

Ndamuwerengera manambala asanu ndi anayi,
ndadina pamene pakuti ndilole,
tsopano manja ndawapinda pamiyendo
ngati mlendo mu ofesi yanga yomwe.
Ndaona ali ku Lilongwe, m'chipinda chimene sindikuchidziwa,
koma dzanja lake lafika pa Mkanda,
lagwira kamuvi ka pa kompyuta yanga.

Kakuyenda kokha.
Kakuyenda ngati ng'ombe yapangolo masana a Okutobala:
kasuntha, kaima, kalingalira,
kenako kadumphira pamene sanakatume.

"Mukuona chiyani uko?" akutero pa foni.
Ndikuona mndandanda wa alimi.
"Ine ndikuonabe zimene mwatseka kalekale.
Tsamba lanu likundifika mzere umodziumodzi
kuyambira kumwamba,
ngati munthu wopalira yekha ndi khasu lobuntha.
Pomafika kumapeto, koyambirira kwamera kale zina."

Panja anthu makumi anayi ndi awiri
akhalira matumba awo a soya.
Sikelo yamaliza yake m'mawa.
Chatsala n'chakuti dzina lililonse likumane ndi ndalama zake,
ndiye makinawa akakamira pakhosi.
A Sakala alowa kachitatu osaodira:
"Kodi wa ku Lilongweyo akubwera pa kabaza?"
Ndati wafika kale.
Asuzumira kuseri kwa chitseko.

Tayamba kufufuza ngati ofuna podontha denga.
Tsekani zonse zosafunika. Ndatseka.
Alipo wina akumwa nawo intaneti yanuyo?
Ndatuluka, ndapeza mnyamata wa pasikelo pakhonde
akuonera mpira wa dzulo pa bandulo ya kopaletivi.
Ndamudula, wandiyang'ana ngati ndamulanda mbale.
Kamuvi katsitsimukako,
monga wodwala amene wayamba kupempha madzi.

"Onani pa kafoni kogawa intanetiko, pakona palembedwa chiyani?"
Ndawerenga dzinalo. Waseka.
"Kawoloka malire osadinditsa.
Dzanja langa likuyamba lazungulira ku Zambia lisanakupezeni."
Ndakasintha, ndakamangirira ndi mphira
pa zenera la kum'mawa, pamwamba pa kalendala ya feteleza.
Timizere tiwiri. Titatu.
Tiwiri.

"Chatsala chimodzi, mayi.
Ndichepetsa mitundu, ndichotsanso chithunzi chakumbuyocho.
N'cholemera. Kanjira n'kopapatiza,
ndipo mukangosuntha kanthu
kakuyenera kusenzanso nkhope yonseyo."

Nkhopeyo ndi ya Tiyanjane,
tsiku limene ankapita kukayamba Fomu Wanu,
juzi yofika m'mawondo chifukwa ndinagula yoti akulire momwemo,
sutikesi ya malume ake yomangidwa ndi chingwe.
Ndinamuona komaliza mu Epulo.

Sindinayankhe msanga.
Iye wayesa ndi netiweki.
"Halo? Mwaduka?"
Sindinaduke. Chotsani.

Lero lokha ndathokoza ulesi wa makinawa.
Sanam'fafanize kamodzi.
Mdima wayambira kutsitsi,
watsikira pamphumi pali kachipsera ka njinga,
waima.
Maso akhala akundiyang'ana mpaka ndapuma kawiri.
Kenako mano aja, kolala yopindika mbali imodzi,
dzanja logwira chingwe.
Nsapato zatsalira zokha pansi pa sikirini
ngati wazivula pakhomo n'kulowa.

Kamuvi kathamanga.
Katsegula, katseka, kapeza pamene panakodwa:
dzina limodzi lolembedwa kawiri,
ndine ndinalilemba, Lachiwiri, magetsi atangobwera.
Makina osindikiza atsokomola, ayamba kulavula malisiti.
Panja matumba apepukidwa mmodzimmodzi,
a Sakala akuitana mayina ndi mawu a kutchalitchi.

"Ndikubwezerani kompyuta yanu. Chithunzi chibwera chokha."
Ndagwira mbewa, yandimvera,
yofunda ngati wina wangoisiya kumene.

Asanadule foni wafunsa,
"Ndi wanu mwana uja?
Kuno tsiku lonse amangondifika mpaka pachibwano."