Mame a Pasikelo

Kuno ku Makwasa netiweki ili ndi mwano.
Imabwera usiku ngati wangongole wozemba,
imaima pachulu cha kuseri kwa bafa,
m'nyumba siilowa.
Ndiye ndili pachulupo, chitenje kumutu,
chiperoni chikundifunafuna m'mafupa,
laputopu yobwereka kwa Velina ili pamiyendo.

Funso lake ndi lalifupi:
fotokozani maganizo a katswiri mmodzi wakale
pa za anthu ndi ntchito. Masamba khumi. Lachisanu.
Ndasankha wandevu uja wa ku Ulaya
amene amayi akamatchula dzina lake umayesa akutsokomola.
Chithunzi chake chikutsika pang'onopang'ono,
mphumi, maso, kenako ndevu,
ndevu zokhazo zandimalizira bandulo.

Tsamba loyamba likuti anabadwa mwezi wakuti,
lachiwiri likutsutsa.
Lachitatu, limene mutu wake wandikoka mtima,
landilawitsa ndime imodzi ngati wogulitsa chinanazi pamsewu,
kenako lati: lipira madola makumi anayi.
Ndayesa kuwerengera kuti ndi madengu angati a tiyi,
ndalekera panjira.
Wina wosaoneka nkhope akuti andilembera zonse
ndikangomutumizira ndalama pafoni.
Chala changa chinaima pamenepo nthawi ndithu, ndisaname.
Koma a Dokotala Sapuwa anatichenjeza kale
kuti makina awo amanunkhiza mawu akuba
kuposa galu wa alonda a kufakitale.

Ndawerenga zaulerezo mpaka maso kuwawa.
Wandevu akuti wantchito amagulitsa tsiku lake,
ndipo chimene manja ake apanga
chimachoka osamutsanzika.
Ndaseka ndekha mumdima.
Zimenezi mpaka kukazimvera kutsidya kwa nyanja?
Azakhali a Filesi athyola nsonga za tiyi zaka makumi awiri,
zala zinang'ambika, ming'alu yake inada,
koma tiyi wa m'kabokosi konyezimira sanamulawepo.
Amamwa wafumbi, womanga m'kapepala,
shuga akakhalapo.

Kenako ndafika pa ndime yondiluma.
Ikunena za munthu woima pakati,
munda si wake, dengu si lake.
Bambo anga ndi kalaliki wa sikelo.
Ndiwo amapachika dengu,
ndiwo amati masamba anyowa, tichotsepo makilogalamu awiri a mame,
ngakhale dengulo likhale la mlongo wawo.
Dzanja lomwelo linasayina fomu yanga ya kuyunivesite.
Fizi yanga, buledi wa m'basi, nsapato ndavalazi,
sindikudziwa kuti ndi mame a ndani.

M'mawa ndinawafunsa akuvala jombo.
Sanakwiye.
Anati, mzungu wakoyo anali ndi ana angati?
Ndinati ndifufuza.
Anati, ufufuzenso amene ankamulipirira lendi
iye ali pampando kulemba za ife.
Anatenga ambulera yawo yothyoka nthiti,
natsika ndi mzere wa bulugamu mvula ikuwaza.

Lero ndi Lachisanu, mbandakucha, ndabwerera pachulu.
Masamba akwana asanu ndi anayi ndi theka,
ndatambasula mizere kuti aoneke khumi.
Kumapeto amafuna nditchule kumene ndatapa nzeru:
dzina, chaka, mzinda,
ndi tsiku limene ndinatsegula tsamba lililonse.
Wandevu ndamulemba, omumasulira ndawalemba,
ngakhale uja wolawitsa ndime imodzi ndamupatsa malo.
Koma kabuku ka malangizo sikakunena
mmene ndingalembere azakhali a Filesi,
osasindikizidwa, munda wakumtunda, mzere wachisanu ndi chiwiri,
kapena bambo, akuvala jombo, osandiyang'ana.
Ndalemba mayina awo, ndafufuta,
ndalembanso.

Batire likuphethira kofiira.
Kumunsi uko thirakitala yayamba kutsokomola,
madengu akutuluka mu nkhungu mmodzimmodzi anthu ake.
Ndadina potumizira.
Kampira ka pasikirini kakuzungulira, kakuzungulirabe,
sikakunena ngati pepala lapita.