Tomato wa ku Kapata

Abwera awiri, mitu yagundana pa foni imodzi.
"Wa faifi kwacha, amayi."
Osandiyang'ana n'komwe.

"Wamva za Zelipa? Mwamuna wamuthawa.
Akuti galimoto ija inali ya ngongole,
khungu lija n'la m'botolo."
Kuseka mpaka kugwirana mapewa.

Ine ndikuwasankhira wosaphwanyika.

Chipsera akuchikuza ndi zala pagalasipo,
chapachibwanocho,
si cha mpeni wa mkazi mnzake ayi.
Anagwa pa njinga ya malume ake
potsetsereka ku Kanjala, ali giredi folo.
Ndinamubereka ndekha mpaka ku chipatala,
magazi akuyenderera m'khosi mwanga.

"Akuti kwawo n'ku Joni."
Kwawo n'ku Mchini, ana inu,
nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi wakufa uja.
Koma pakamwa ndasoka.

Usiku wathawu anaimba. Foni, osati nyimbo.
Sanalankhule.
Ndinangomva kupuma kwake
ndi firiji ikung'ung'udza m'chinyumba cha ku Lusaka.

"Iwe, bandulo yatha!"
Apa m'pamene adzutsa maso.
Ndawaikira mbasela, awiri,
mmodzi wofewa pang'ono.