Mwezi Wachitatu ku Porto

Kiyi wa chitseko changa amafuna ulemu:
ukokere chitseko kwa iwe kaye, kenako upotoze.
Ndinazitulukira nditatukwana loko masabata awiri.

Basi ya kumsika imadutsa ngati sinakuone
ukapanda kuikwezera mkono.

Lachiwiri sokosi yanga inathawa pachingwe,
n'kukagwera pakhonde la nyumba yapansi.
Madzulo Dona Ermelinda anagogoda,
sokosi ili m'manja, yosokedwa pachidendene,
malalanje atatu m'thumba la epuloni.
Anayankhula zambirimbiri. Ndinatolapo liwu limodzi.
Tinaseka ngati tamvana.

Wophika buledi wasiya kundifunsa,
akangondiona pawindo amakulungiratu mabanzi awiri.
Dzina langa amalithyola pakati
koma ndimavomera.

Usiku mbalame zam'nyanja zimakangana padenga.
Dzulo ndinagona osazimva.