Kupumitsa Madzi

Tinagulitsa matumba asanu ndi anayi a kachewere
pamsika wa Tsangano, tsiku la chiperoni,
kuti Yotamu atikumbire chitsime kuseri kwa nkhokwe.
Masabata atatu ali m'dzenje,
ife kumangoona chipewa chake chikutsika, chikutsika,
mpaka anakuwa ali pansi: "Ponyani ndowa!"

Ndowa inakwera yolemera, madzi oyera mbee.
Ndinatunga m'kapu, mphuno n'kukana.
Dzira lovunda.
Lija nkhuku imalisiya m'chisa,
iwe n'kuliponda ndi chidendene osadziwa.

Tiyi ananunkha.
Yunifolomu ya Lekeleni inanunkha,
kusukulu anzake anamusiyira benchi yonse.
Apongozi anati wina wataya kanthu usiku,
n'kutchula mayina awiri, limodzi la mlongo wawo.
Bambo a Lekeleni sanayankhe.
Madzulo ankakhala pachivundikiro cha chitsime
akuwerenga zala, kuyambiranso, kuwerenganso.

Nasoko wa zaumoyo anabwera panjinga yopanda mabuleki,
anaima ndi phazi pamphanda ya mpichesi.
Anawerenga mapazi kuchokera kuchimbudzi: anakwana.
Ananunkhiza ndowa osachita tsinya.
"Palibe dzanja la munthu pano.
Ndi salufa, mpweya wa pansi pa miyala,
ndi tizilombo tokonda mdima.
Madzi anu abanika. Apumitseni."

Kupumitsa madzi!
Apongozi anaseka mpaka kutsokomola.

Koma tinakapa chitsime chonse, Yotamu anatsikanso,
anatulutsa matope akuda bii, oterera ngati therere,
anakwecha zipupa ndi tsache la nsungwi.
Nasoko anathira kolorini, anati tisatunge mpaka mkuja,
ndipo mkujawo titaye, titaye, mpaka fungo lake lithe.
Pachivundikiro tinaboola, n'kuikapo paipi ya neti kukamwa,
chitsime chikhale ndi mphuno yakeyake.

Zotsalazo n'zanga, m'mamawa uliwonse.
Ndimakweza ndowa kufika pachifuwa
n'kukhuthulira m'ina ili pansi,
khuu! thovu, fungo n'kundimenya kumaso,
ndibwezenso, khuu!
Kakhumi. Pena ndimasokoneza, ndimayambiranso.
Kenaka m'beseni, kansalu koyera pamwamba,
akhale pamphepo ya ku Kirk Range tsiku lonse.
Akumwa amadutsa m'ndowa yoboola pansi,
timiyala, mchenga wotsuka, makala osinja,
akudontha ngati denga la udzu wakale,
ndiye ndiwawiritse.

Tsiku lina mapewa anakana,
bambo a Lekeleni anandilanda ndowa.
Anakhuthula kamodzi, kawiri,
ndipo m'phokoso lomwelo, osandiyang'ana, anati:
"Matumba aja sanakwane."
Khuu!
"Simenti ndinatenga pakatapila."
Khuu!
"Kwa Dzoole. Miyezi inayi tsopano."

Ndinangoti, mwafika pa zisanu, pitirizani.
Anafika pakhumi n'kupitirira,
madzi akumwazika pamapazi pake, pa anga,
iye akulankhulabe: za chiwongoladzanja, za mbuzi yamawanga,
za tulo timene sanagone kuyambira mwezi wa Juni.
Sindinakalipe tsiku limenelo.
Ndinakalipa Lachisanu lake.

Mbuzi inapita.
Fungo nalo linapita, ngakhale si lonse:
mvula zikagwa kwambiri limabwera kudzasuzumira,
ndimasintha makala, ndimawonjezera kukhuthula.
Lekeleni akukhalanso atatu pabenchi.
Apongozi amatungabe kumjigo wa kutchalitchi,
ati miyendo isaume,
koma dzulo ndinawapeza kuseri kwa khitchini
atavundukula kansalu pabeseni,
akununkhiza nthawi yaitali, yaitali,
kapu yanga yabuluu ataibisa m'chitenje.