Chombo cha Bambo pa Benchi la Lufeyo

Lufeyo wa pa Kamwendo amakhoma zitseko,
mabenchi a tchalitchi,
ndi mabokosi a maliro ikavuta nyengo.
Nyanja sanaionepo.
Madzi aakulu kwa iye ndi Bua akakwiya mu Febuluwale.
Komabe ndi iye amene ndinamutulira mtolo wanga
wokulunga m'chitenje chakale cha amayi:
kachombo kotalika ngati mkono,
milongoti itatu, umodzi wothyoka,
matanga odyedwa ndi mphemvu,
m'mimba mwake chiswe chitachitiramo ukwati.

Anakatembenuza, nakanunkhiza, nati,
"Mayi, ndikakhomere bokosi, kapena ndikadzutse?"

Bambo anabwera nako atatchona zaka khumi ndi zinayi.
Anzawo anabwera ndi njinga, wailesi, majekete a ubweya.
Iwo anabwera ndi chifuwa, ndi aka.
Ankati kudoko lina la kummwera
kunali chombo chenicheni chankhondo, chamatabwa,
chimene chinagona m'matope mpaka dzina lake linawola,
eni ake nachivuula kuti alendo azilipira pochiona.
Bambo anali m'gulu lopala matabwa,
lomata phula, lozula misomali yadzimbiri
yaitali ngati chinangwa cha kudimba.
Usiku, pakomboni, ankasema kawo
ndi zidutswa zimene kapitawo anataya.

Mizinga inali makumi atatu ndi iwiri.
"Inkaombera yani?" ndinafunsa ndili wa sitandade fayifi.
"Aliyense amene mfumu yawo yamulota moipa."
Anatsokomola kaye.
"Pansi penipeni, pomwe dzuwa silifika,
munali mphete zachitsulo m'khoma.
Kapitawo anati zinali zomangira migolo ya madzi.
Sindinatsutse.
Atatuluka ndinayesa mwendo wanga.
Inandikwana."

Lufeyo anatenga milungu itatu.
Nthiti anazisema ku mlombwa wotsala pa chitseko cha sukulu,
mlongoti ku mpini wa khasu lotha,
matanga anadula ku thumba la ufa lochapidwa kawiri,
zingwe ndi ulusi wosokera mabelo a fodya.
Mizinga inayi inasowa; anaibweza ndi nsungwi yodetsa ndi mwaye.
Tsiku lina ndinamupeza atakhala chete, utuchi m'nsidze.
"Ndachotsa matabwa asanu ndi awiri," anatero.
"Ndikachotsanso atatu,
kakhala ka bambo anu kapena kanga?"
Ndinalibe yankho. Ndinamugulira zitumbuwa.

Lachinayi anandiimbira foni.
Potsegula pansi, pamene Bambo anamata ndi phula,
anapeza kapepala kopindidwa ngati fodya wa chingambwe,
inki itasanduka mtundu wa tiyi:
*Yotamu wa ku Mkanda.*
*Sandalamu wa ku Kapiri.*
*Fulawo, sitinadziwe kwawo.*
*Dziwani, anagwa pamlongoti Loweruka.*
Palibe kaputeni, palibe mfumu, palibe tsiku la nkhondo.
Anthu anayi basi, okonza chombo cha eni,
amene pachikwangwani cha alendo sanalembedwepo.

Tinawabwezera momwemo.
Lufeyo anapempha kulemba dzina lake kuseri kwa pepalalo,
timalemba tating'ono, ndi pensulo ya pakhutu.
Ndinalola.
Mtengo anatsitsa yekha, sindinanenerere.

Ndinakwera kabaza pobwerera, kachombo pamiyendo.
Munali mu Juni, anthu akukumba mtedza,
mphepo ikutsika kumapiri a Mchinji ndi fumbi lake.
Titangodutsa chigayo, matanga aja anafufuma,
ulusi unalira,
ndipo ndinamva m'manja mwanga chinthu chikukoka,
chikufuna kupita.
Ana anatithamangira akukuwa, "Ndege! Ndege!"
Wakabaza anacheuka nati, "Gwiritsani, mayi, katundu wanuyo ngwamoyo."

Ndinagwiritsa.
Koma kunena zoona, pa mtunda wonse wotsalawo
sindikudziwa ngati ankapalasa ndi mnyamatayo
kapena tinkakokedwa ndi anthu anayi aja,
ndi Bambo pa tsigiro,
akutsokomola,
kulowera kumudzi kopanda doko.