Kumene Mawuwo Anachokera

Mzamose wabwera ndi ntchito ya kusukulu:
alembe kumene mawu akuti myuziki anachokera.
Wakhala pa kreti, kope lili pabondo.
Magetsi anazima m'mawa kuno ku Matero,
ine ndikusita ndi simbi ya makala.

Akuti, amayi, a Simutowe atiuza
kuti ndi mawu a Agiriki, akale kuposa njanji.
Kunali atsikana asanu ndi anayi, a bere limodzi,
mayi wawo dzina lake Chikumbukiro.
Ndati, asanu ndi anayi! Ankawadyetsa chiyani?
Sanaseke. Akulemba.

Nanga athuwa, akuti nyimbo, anachokera kuti?
Sukulu ndinalekera panjira ine,
chomwe ndikudziwa n'chakuti nyimbo n'kuimba.
Timaimba belu, timaimba mluzu,
timaimba foni kwa achimwene ufa ukatha,
eni nyumba amatiimba mlandu wa lendi.
Ndiye ndati, lemba kuti kuimba n'kuitana munthu
amene sukudziwa ngati ayankhe.
Wati zimenezo aphunzitsi sangachonge.

Kuchipinda kuli bambo ake, a Yotamu Njobvu,
zaka khumi ndi zinayi akuitanira basi pa Kulima Tower:
Matero! Lilanda! Mmodzi yekha tinyamuke!
Sitiroko inawagwetsa mu Juni, phazi lili pakhomo la minibasi.
Kuchipatala anatibwezera thupi,
mawu anatsala komweko pamodzi ndi bulangete lathu.
Akafuna madzi amaloza.
Dzina langa amalitafuna ngati nzimbe youma.
Lilime linaima.

Kuima, kuimba.
Kachilembo kamodzi kokha, ngati kamwala m'nsapato.

Madzulo ano kwaya ya kuseri kwa mpanda
yayamba kuyeserera ya ukwati wa Loweruka,
yomwe ija anatiimbira ife tikutuluka m'tchalitchi,
ine ndili m'diresi lobwereka, lothina m'khwapa.
Ndiye tangomva besi kuchipinda,
yasasa, yopendekera mbali imodzi ngati wilibala,
koma liwu lililonse lili pamalo pake,
ndime yoyamba, yachiwiri,
ngakhale yachitatu imene kwayayo yailumpha.
Simbi yapsereza kolala ya yunifolomu.

Mzamose waima pakhomo, pensulo kukamwa.
Itatha ndalowa, ndagwada, ndati,
a Yotamu, ndine yani?
Andiyang'ana nthawi yaitali.
Aloza kapu.

Mwana walemba za Agiriki, mizere isanu, bwinobwino,
mawa akachongedwa ndi inki yofiira.
Ine ndikupala kolala ndi mpeni
ndikuganiza za mayi uja wa ana asanu ndi anayi.
Mwina nyumba yake itagwira moto
wowerenga nyenyezi anathawa, wovina anathawa,
wosunga mbiri anadumphira pawindo ndi mabuku ake,
koma mmodzi anatsala mu utsimo,
atagwira mayi wake dzanja,
ndipo ndi iyeyo tamumva lero,
akutsokomola, koma osaphonya liwu.

Magetsi abwera pakati pa usiku.
Wailesi yadzidzimuka yokha pashelefu.
Ndaitseka msanga.